Kuchotsa Exim n'kuika Postfix osagwetsa mapulogalamu ena

Mnzathu wina wanditumizira imelo. Ali ndi seva ya Debian (mtundu wa Linux) ndipo akufuna Postfix m'malo mwa Exim; onsewa ndi mapulogalamu otumiza maimelo. Atalemba apt remove exim4-daemon-light (apt ndi chida choikira ndi kuchotsera mapulogalamu), kompyuta inawauza kuti ichotsanso mapulogalamu ena awiri, bsd-mailx ndi logwatch, iwo n'kukana. Akufunsa kuti, "Ndichotse bwanji Exim yokhayo, enawo atsale?"

Achimwene, munachita bwino kukana. Mwangolakwitsa poyambira: musayambe n'kuchotsa, yambani n'kuika. Mzati wakale sazula watsopano asanaimike, apo ayi denga limagwa.

Nkhani ili apa. Mapulogalamu awiriwo, bsd-mailx ndi logwatch, safuna Exim kwenikweni. Lembani apt show bsd-mailx muone mzere wa Depends, wosonyeza zimene pulogalamuyo imadalira: mupezapo mail-transport-agent. Limeneli si dzina la pulogalamu inayake, ndi dzina la ntchito yotumiza makalata, ndipo aliyense wogwira ntchitoyo amaloledwa. Exim, imene Philip Hazel anayamba kulemba ku Cambridge mu 1995, imaigwira. Postfix ya Wietse Venema, yomwe inatuluka mu 1998, imaigwiranso. Zonse ziwiri zimaika /usr/sbin/sendmail, n'chifukwa chake sizingakhale limodzi pa seva imodzi. Mukachotsa Exim payokha, apt imaona kuti pampando palibe munthu, ndiye imathamangitsa onse amene amadalira mpandowo.

Lembani izi basi: sudo apt install postfix. Apt iona yokha kuti ziwirizi zikulimbirana malo, ichotsa Exim n'kulowetsa Postfix ulendo umodzi, ndipo enawo sakhudzidwa. Koma chonde, yambani mwayesa ndi apt-get -s install postfix. Ka -s kameneka kamangoonetsa zimene zichitike popanda kusintha kanthu. Werengani modekha mizere yoyambira ndi mawu oti Remv, yosonyeza zimene zichotsedwe. Mukaonapo mayina a exim4 okhaokha, pitirizani. Mukaonapo dzina lina, imani kaye.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi makalata amene sanapite. Exim imawasunga mu /var/spool/exim4, ndipo Postfix siyang'anako n'komwe. Musanasinthe, lembani sudo exim4 -bp muone ngati alipo amene akudikira. Ngati alipo, sudo exim4 -qff iyesanso kuwatumiza onse. Mwina ndi kalata ya kasitomala ili pamzerepo, ndiye musaisiye itsekeredwe m'kati.

Postfix ikamalowa ikufunsani mtundu wa seva. Ngati makalata ake ndi a m'kompyuta momwemo, ngati malipoti a logwatch, sankhani Local only. Kenako onani /etc/aliases kuti makalata a root, akaunti ya woyang'anira kompyutayo, akupita kwa ndani, ndipo mukasinthamo kanthu lembani sudo newaliases.

Pa intaneti ena akuuzani kuti muchotse Exim mokakamiza ndi dpkg --force-depends. Ine sindingakulangizeni zimenezo. Exim ichokadi, koma apt itsala ikudandaula kuti zinthu zasokonekera, ndipo mukadzalemba apt --fix-broken install ikhoza kuchotsa omwewo amene mumafuna kuwateteza.



Mafayilo a Exim a mu /etc/exim4 atsala, chifukwa kuchotsa wamba sikuwakhudza. Asiyeni sabata imodzi kapena ziwiri. Mukaona kuti makalata akuyenda bwino, pamenepo mpamene mulembe sudo apt purge exim4-base exim4-config exim4-daemon-light.