Botolo likanunkha, yambani mwayang'ana pansi pa kamphira

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Akuti botolo lomwe amatengera madzi kuntchito layamba kununkha, chonsecho amathiramo madzi okhaokha, ndiye akufunsa ngati angolitaya. Amayi, nditawerenga ndinakhala kaye chete, chifukwa mwandibwezera ku Januwale 2023.

Mukukumbukira mmene kolera inatisautsira. Inayambira ku Machinga mu Malichi 2022, ndipo inatenga miyoyo yoposa 1,700. Boma linachita kuchedwetsa kutsegula sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre. Pakhomo panga ku Lilongwe kuno tinkagona ndi mantha. Madzi akumwa ndinkawiritsa pa mbaula usiku uliwonse, makala akwere mtengo asakwere. Pakhomo lolowera ndinaikapo ndowa ndi sopo. Mafilizesi apamsewu ndinaletseratu.

Sukulu zitatsegulidwa, mwana wanga wamkazi, yemwe anali Sitandade 4, ankatenga botolo lake lapulasitiki, la chivindikiro chokhala ndi kakamwa koyamwira. M'mawa uliwonse ndinkalitsukuluza kawiri, n'kuthiramo madzi owiritsa aja, mtima uli m'malo. Tsiku lina anabwera nalo lodzaza mmene linapitira. Nditamufunsa anati, "Amama, madziwa akununkha ngati kansalu konyowa kotsukira mbale." Ndinafuna kumukalipira, koma ndinayamba ndanunkhiza. Anali kunena zoona. Ndinatenga mpeni, n'kukanganula kamphira kozungulira ka m'chivindikiro, kamene kamaletsa madzi kudontha. Pansi pake panali bii! Nkhungu yakuda, ndi zoterera ngati therere.

Ndinakhala pansi m'khitchini muja misozi ikulengeza. Nkhungu siyambitsa kolera, ndipo mwanayo sanadwale, tithokoze Mulungu. Chimene chinandipweteka n'chakuti makala onse aja ndinkaotchera madzi oti m'mawa ndikawathire m'chinthu chauve, ndi manja anga omwe.

Kuyambira tsiku limenelo sindimvanso za munthu wonena kuti "ndi madzi okhaokha". Si madzi okha ayi. Mukamamwa, malovu amabwerera m'botolo, pamodzi ndi tinyenyeswa ta mandasi mwadya aja. Manja omwe agwira ndalama ndi chitseko cha minibasi ndi omwewo amatsegula chivindikiro. Kenako botolo limatandala m'chikwama chotentha, lotsekedwa, lonyowa. Tizilombo timapanga kanthu koterera kamene kamamatirira m'makoma mwake, ndipo kutsukuluza sikukachotsa. Kamafuna kukwecha. Kutsukuluza si kutsuka, ndipo pamenepa sindisuntha.

Agogo anga anali ndi mtsuko pakona ya nyumba. Asanathiremo madzi atsopano ankakhuthula otsala, n'kuukwecha mkati ndi chinkhupule. Panali chikho chotungira ndi china chomwera, ndipo mwana womwera chotungira ankaona zakuda. Za mabakiteriya sanaphunzire, koma ankadziwa kuti pakamwa pa munthu sipayenera kukumana ndi madzi osungidwa. Ife tagula mabotolo okongola, ena achitsulo okwera mtengo, koma mwambo umenewu tausiya. Timangowonjezera madzi atsopano pa adzulo, sabata yathunthu.

Ndiye pali nkhani ya thobwa ndi Sobo. Mukathiramo kamodzi kokha, shuga ndi ufa zimakanirira m'mizere ya pakamwa pa botolo, ndipo chimenecho ndi chakudya cha nkhungu. Kwathu botolo la madzi ndi la madzi, la thobwa lili lakelake. Kubwerekana nakonso ndimakana, ngakhale anthu amati ndine waumbombo. Ku mpira botolo limodzi limazungulira anyamata khumi, wina ali ndi chimfine. Ndi bwino kuthirira mnzako m'kapu kapena m'manja.

Timabotolo ta zakumwa zogula tija, topyapyala, ambiri timagwiritsanso ntchito chifukwa ndalama n'zovuta, ndipo sindinyoza aliyense. Koma pakamwa pake n'popanikiza, simungalowetse chotsukira, komanso madzi otentha amatifwanyula. Tikakandika kapena kuchita mbuu, ntchito yake yatha. Komabe kumangotaya mabotolo abwinobwino nakonso kumandiwawa. Pitani mukaone mtsinje wa Mudi kapena wa Lilongwe mvula yoyamba ikagwa, mapulasitiki ali yandayanda.

Nanga muchite chiyani?

Musalitaye msanga, amayi. Masulani chilichonse chomwe chimamasuka: chivindikiro, kamphira, kapaipi ngati kalipo. Madzulo aliwonse tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale. M'mizere ndi m'chivindikiro kwechani ndi mswachi watsopano wosungira ntchito imeneyi. Ngati dzanja kapena bulashi sizifika pansi, thiranimo mpunga wosaphika pang'ono ndi madzi asopo, n'kukhutchumula mwamphamvu. Pofuna kupha fungo, sungunulani supuni imodzi ya soda yemwe timaphikira therere uja m'madzi ofunda, ligone nawo usiku wonse. Viniga amathandizanso. Musasakanize viniga ndi Jik, zimatulutsa mpweya wapoizoni, ndipo Jik amawononga botolo lachitsulo.

Chachikulu ndi kuumitsa. Livundikireni pa thandala kapena pamalo opita mphepo, zidutswa zonse zili paderapadera, ndipo musalitseke likadali lonyowa. Mukachita zonsezi koma mawanga akuda n'kukanirira mu kamphira, sinthani kamphirako kapena chivindikiro. Botolo lenilenilo mulitaye pokhapokha ngati lang'aluka, lakandikakandika mkati, kapena lachita dzimbiri.

Usiku uno mukafika kunyumba, kanganulani kamphirako, ndipo mundilemberenso zimene mwapeza pansi pake.