Kodi ndimusiye kochi amene ankangoluza?

Mdzukulu wina wandilembera kuti wamva zoti kochi wawo wa zosambira ankangoluza mipikisano ali mnyamata, ndiye akufuna kumusiya. Akufunsa ngati n'kulakwa.

Mwana wanga, usathamangire kunena kuti tsobola wakale sawawa. Tamva kaye za Bill Burgess, wobadwira ku Rotherham ku England mu 1872. Mtima wake unali pa kuwoloka English Channel posambira. Imeneyi ndi nyanja yozizira ya pakati pa England ndi France, makilomita oposa 30 pamene yapanikizika. Matthew Webb anaiwoloka mu 1875, kenako zaka 36 zinatha popanda wina. Burgess analephera maulendo oposa 10, n'kudzawoloka mu September 1911 atakhala m'madzi maola 22 ndi mphindi 35.

Kulepherako n'kumene kunamuphunzitsa nyanjayo. Madzi a kumeneko amakokera uku kwa maola angapo kenako n'kutembenuka, moti ukaphonya nthawi yonyamukira, gombe umaliona ndi maso koma osalifika. Nzeru zotere munthu amazipeza atabwezedwa ndi madzi kangapo.

Mu 1925 mtsikana wa ku New York, Gertrude Ederle, anayesa kuwoloka ali m'manja mwa kochi Jabez Wolffe, amenenso anayesa maulendo 22 osafika tsidya. Ali pakati pa nyanja, Wolffe analamula kuti amuvuule, ndipo lamulo limati wosambira akangokhudzidwa ndi munthu, zathera pomwepo. Mtsikanayo anati ankangopuma, sankamira ayi. Chaka chotsatira anatenga Burgess kukhala kochi wake. Pa 6 August 1926 ananyamukira ku Cap Gris-Nez ku France n'kukatulukira ku Kingsdown ku England m'maola osakwana 15, mkazi woyamba kuwoloka, mofulumira kuposa amuna onse asanu omwe anamutsogolera, kuphatikizapo kochi wakeyo.

Waona? Makochi onse awiri anali olepherapo, ndiye pamenepo si poyezera. Ine ndikadakhala iwe, ndikadayang'ana zina: kodi amakuuza chifukwa chake akamakukonza kapalasidwe ka mikono? Tsiku limene wasambira bwino kuposa iye, nkhope yake imawala kapena imagwa?

Ukaona kuti n'koyeneradi kuchoka, palibe mlandu, Ederle naye anachoka. Koma usangozimiririka, ndipo zofooka zake usakazimwaze pa gulu la WhatsApp. Tenga bambo kapena malume ako, mukamupeze, umuthokoze pa zimene wakuphunzitsa, utsanzike masana dzuwa likuswa mtengo. Ngati pali ndalama ya maphunziro yotsalira, ulipiretu tsiku lomwelo.