Funsani Amalume: Kodi Benny Goodman anaba jazz ya anthu akuda?

Amalume, ine ndimakhala ku Chilenje, ndimaliza saxophone kutchalitchi kwathu. Pometetsa ku Kabwata anaika jazz yakale pa YouTube ndiye panatuluka mzungu wamagalasi akuliza chitoliro chakuda, ati ndi Benny Goodman, Myuda, mfumu ya swing, jazz yovinira ya mabandi akuluakulu. Ometa anati ameneyo ndi wakuba chabe, nyimbozo ndi za anthu akuda iye anangodyerapo. Zoona zimenezi?
Mphwanu, Chilenje South

Mphwanga, ometawo sananame zonse ayi, koma mawu oti wakuba alemera kwambiri.

Goodman anabadwa mu 1909 ku Chicago, wachisanu ndi chinayi m'banja la ana 12. Makolo ake anali Ayuda osauka ochokera kumadera amene ankalamulidwa ndi Russia, bambo ake anali telala. Ali ndi zaka 10 anamutengera ku sunagoge komwe ana ankaphunzira nyimbo, akulu ake awiri anapatsidwa tuba ndi lipenga, iye poti anali wamng'ono anamupatsa clarinet, chitoliro chomwe unachionacho. Pofika zaka 16 anali kale mu bandi ya Ben Pollack, Myuda mnzake woimba ng'oma, ndipo ndalama zake zimathandiza pakhomo makamaka bambo ake atagundidwa ndi galimoto n'kumwalira mu 1926.

Manje apa ndi pomwe ometa ali ndi mfundo. Jazz inayamba ndi anthu akuda a ku New Orleans, Goodman anaiphunzira pomvera akatswiri akuda amene anasamukira ku Chicago. Ndipo mu 1934 atapeza mwayi woimba pa wailesi ya NBC pa pulogalamu ya Let's Dance ankafuna nyimbo zatsopano sabata iliyonse, ndiye anapita kwa Fletcher Henderson, munthu wakuda yemwe bandi yake inali pamavuto a ndalama, n'kumagula mapepala omwe Henderson analemba kuti malipenga aziti chiyani, ma saxophone ayankhe bwanji. Iwe ngati woliza sax ukamva bwino pomwe magulu awiriwa akuyankhizana ngati wotsogolera nyimbo ndi kwaya, ameneyo ndi Henderson. Anagula, analipira, sanabise kuti walemba ndani. Koma kuti chisoti cha ufumu chinagwera Goodman osati Henderson kapena akuda anzake otsogolera mabandi, Duke Ellington ndi Count Basie, khungu linathandiza, zimenezo tisakane. Mahotela akuluakulu ndi makampani olipira mapulogalamu a pa wailesi nthawi imeneyo ankatsegulira azungu.

Komabe sizinali zophweka. Mu 1935 bandi ya Goodman inayenda ulendo wopita kumadzulo ndipo zinthu zinavuta, ku Denver anthu sanazikonde, ankafuna nyimbo zoziziritsa zovina mogwirana mwaulemu. Anafika ku Palomar Ballroom ku Los Angeles pa 21 August atataya mtima, anayamba ndi zoziziritsa zomwezo anthu ali phee, kenako anangoti ngati tikugwa tigwe tikuimba zathu, n'kutulutsa za Henderson. Achinyamata anasiya kuvina n'kukhamukira kutsogolo akukuwa! Chinsinsi chinali wotchi. Los Angeles ili kumbuyo kwa New York ndi maola atatu, ndiye gawo la Goodman pa wailesi lomwe kum'mawa linkamveka anthu atagona, ku California linkafika madzulo achinyamata ali maso, nyimbozo ankazidziwa kale.

Chimene ine ndimamupatsira ulemu ndi ichi. Nthawi imene kumwera kwa America lamulo linkalekanitsa akuda ndi azungu ngakhale pomwera madzi, iye anaika Teddy Wilson, wakuda woimba piyano, pa siteji limodzi ndi iye ndi Gene Krupa wa ng'oma. Mu 1936 anaonjezera Lionel Hampton, mu 1939 Charlie Christian wa gitala yamagetsi. Mu situdiyo akuda ndi azungu ankajambula limodzi kale popeza chimbale sichionetsa nkhope, koma pamaso pa anthu olipira pakhomo inali nkhani ina, akanatha kutaya ntchito zambiri. Pa 16 January 1938 analowetsa jazz mu Carnegie Hall ku New York, holo ya nyimbo za classical, ndipo oimba ena a kwa Basie ndi Ellington anali pa siteji usiku umenewo.

Osati anali mngelo iyayi. Oimba ake ankadandaula kuti ndi woumira pa malipiro, ndipo ukaphonya noti ankangokuyang'ana osaphethira mpaka udziwe wekha kuti ntchito yatha, Krupa ndi Harry James woliza lipenga anachoka n'kukayambitsa mabandi awo. Iye anapitiriza, mu 1962 anakaimba mpaka ku Soviet Union, ndipo ankalizabe clarinet mpaka pomwe anamwalira mu June 1986 ku New York.
Amalume