Abusa opuma akufuna kulemba buku, ayambire pati?

Mayi, mwafunsa za bambo anu, abusa opuma a CCAP, amene ali ndi makope odzaza maulaliki ndipo akufuna kutulutsa buku. Maulalikiwo ayambe awaika padera. Alembe kaye mbiri ya mipingo imene adatumikira ndi anthu amene adawapeza kumeneko, chifukwa zimenezo palibe wina angazilembe m'malo mwawo.

Taonani amene adatsogola. Abusa Harry Kambwiri Matecheta, amene adadzozedwa mu 1911 natumikira zaka zambiri ku Bemvu m'boma la Ntcheu, adalalikira kosawerengeka, koma chimene ofufuza akuchifunabe lero ndi kabuku kawo ka 1951 kofotokoza chiyambi cha mishoni ya Blantyre monga adachionera mwana wa dziko lino. Samuel Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo mbiri ya Achewa adailemba atakhala pansi ndi mafumu ndi akuluakulu. Bambo Joseph Chakanza, wansembe wa Katolika amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, adatolera miyambi 2,000 ya Chinyanja. Onsewa adatola zimene zikadapita kumanda ndi eni ake.

Poyamba asankhe mpingo umodzi kapena presibitale imodzi, ndi zaka zodziwika, monga 1960 mpaka 1994. Ambiri amalephera chifukwa chofuna kulemba mbiri ya sinodi yonse, mutu woyamba n'kuthera kwa David Livingstone, mphamvu n'kuwathera asanafike pa zimene akudziwa iwo.

Kenako apemphe chilolezo kwa abusa amene alipo ndi akulu a mpingo kuti aone mabuku a seshoni (bwalo la abusa ndi akulu a mpingo), kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati, ndi mabuku a Mvano. Musawatulutse m'nyumba ya mpingo. Jambulani tsamba lililonse ndi foni masana, kuyambira pachikuto, ndipo zithunzizo muzisunge malo awiri. Mabuku ambiri akale adadyedwa ndi chiswe kapena adavunda ndi mvula, choncho zaka zina mudzazipeza zilibe kanthu. Zotsalazo mukazifune ku ofesi ya sinodi ndi ku National Archives, nyumba ya boma yosungira zolembedwa zakale, ku Zomba.

Pamene pakufunika mtima wonse ndi pofunsa okalamba. Muyambe ndi achikulire kwambiri, ndipo musaiwale amayi a Mvano, aphunzitsi akale ndi amene ankatsogolera nyimbo, chifukwa mabuku a seshoni adalembedwa ndi amuna ndipo ntchito ya amayi simuoneka bwino m'menemo. Kucheza kumodzi kusapitirire ola, munthu wamkulu amatopa n'kuyamba kusakaniza nkhani. Musanayambe kujambula mawu, tchulani dzina lake, mudzi ndi tsiku, iyenso avomere pakamwa kuti mawu ake alembedwe. Agogo sadzakuuzani chaka m'manambala. Afunseni kuti tchalitchi chaudzucho chidamangidwa njala ya 1949 isanafike kapena itapita, ufulu wa 1964 utabwera kapena usanabwere, kalata ya maepiskopi ya 1992 itawerengedwa kale kapena ayi. Nkhani iliyonse yaikulu imveke kwa anthu awiri osachezerana. Vuto lina n'lakuti anthu akaona abusa amayankha zokondweretsa abusawo, n'chifukwa chake ndi bwino kuti mafunso ena mukafunse inu kapena mdzukulu, iwo kulibe.

Chenjezo lalikulu lili pa milandu. M'mabuku a seshoni muli mayina a anthu amene adaimitsidwa pa mgonero chifukwa cha mowa, mitala kapena chigololo, ndipo zidzukulu zawo zikupempherabe m'tchalitchi momwemo. Abusa angathe kulemba kuti m'zaka zakutizakuti milandu ya mitala idachuluka ndi chifukwa chake, osatchula munthu. Buku lotchula mayina otere limagawanitsa mpingo, ndipo wolemba akhoza kukaonekera kukhoti.

Pa kukula kwa buku, tsamba la A5 (theka la pepala la A4) limalowa mawu pafupifupi 300, ndiye mawu 25,000 pamodzi ndi zithunzi zochepa akupatsani masamba 96. Osindikiza ambiri amapinda mapepala m'magulu a masamba 16, choncho 80, 96 kapena 112 ndi manambala osawononga pepala. Akamalemba masamba awiri m'mawa uliwonse, miyezi iwiri kapena itatu zolemba zoyamba zatha. Wotayipa pa kompyuta atsate kalembedwe kamodzi. Abusa akale ambiri adazolowera kulemba "cikondi" ndi "cifukwa" monga m'Buku Lopatulika lakale, pamene masiku ano timalemba "chikondi". Mawu otengedwa m'mabuku akale asiyidwe momwe alili, koma mawu a wolemba akhale a lero. Anthu awiri awerenge bukulo lisanapite ku makina, mmodzi woona chilankhulo, wina wodziwa mbiri ya mpingowo.

Osindikiza mabuku a mtunduwu alipo: CLAIM ku Blantyre, Kachere ku Zomba, Mzuni Press ndi Luviri Press ku Mzuzu, Montfort Media ku Balaka. Atumizireni mutu umodzi womalizidwa ndi tsamba limodzi lofotokoza buku lonse, osati katoni ya makope. Mukasankha kulipira nokha, funsani mtengo malo atatu, onetsetsani kuti buku lili ndi nambala ya ISBN (nambala yozindikiritsa buku pa dziko lonse), ndipo musavomere kuti asindikize musanaone tsamba lililonse. Yambani ndi mabuku 200 kapena 300. Amene amasindikiza 1,000 chifukwa choti mtengo wa limodzi ukutsika amatsala ndi makatoni kuchipinda, popeza mabuku otere sayenda m'masitolo. Amagulidwa pa misonkhano ya presibitale, ya sinodi ndi ya Mvano, komanso ndi ophunzira a m'sukulu za ubusa za ku Zomba ndi ku Nkhoma. Limodzi mukalipereke ku National Archives, lina ku laibulale ya sukulu ya ubusa imene bambo adaphunzirako.