Kopita ndi ana a sukulu kulipo, aphunzitsi

Aphunzitsi, mwafunsa komwe mungapite ndi ana a Sitandade 6 kuti akaphunzire kusamala chilengedwe, pomwe ndalama ya basi ndi yochepa. Ku Mzuzu kuno musade nkhawa.

Yambani ndi ku Lunyangwa, komwe kuli malo ofufuzirako za ulimi, mumzinda momwemu. Lemberani kalata akuluakulu ake nthawi ikadalipo. Mukapezako ndalama, tsikirani ku Nkhata Bay: ku Kawalazi kuli tiyi, ku Vizara ana akaona madzi oyera a labala akudontha pa mtengo wochekedwa khungwa.

Koma ine mtima wanga uli pa mlimi wamng'ono wa khofi kapena nthochi, amene mlangizi wa zaulimi angakulozereni. Kumeneko mwana amagwira dothi ndi manja. Akumbe pansi pa mapesi ophimbira nthaka, akumbenso pamtetete, aone kusiyana kwa chinyontho ndi kuchuluka kwa nyongolotsi. Minda yathu yambiri ili pamatsitso, choncho muwaonetse akalozera (mizere ikuluikulu yopingasa matsitso, yotchinga madzi) ndi udzu wa vetiva, mlimiyo afotokoze yekha mmene mizu yake imagwirira nthaka mvula ikakula. Ngati pali ming'oma ya njuchi, anawo aime patali, koma amve chifukwa chake mlimi wotere salola moto kutchire kwake. Nkhani ya makala imawalowa bwino ana pamenepo kuposa pa bolodi.

Pitani mvula ikatha, misewu yafumbi itauma. Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, auzeni makolo za majuzi. Agaweni anawo m'magulu ang'onoang'ono, gulu lililonse ndi wamkulu wake, ndipo asayandikire posungira mankhwala a mbewu.