Kugawira kapena kugawana mphamvu?

Funso: Ndine mphunzitsi wa sekondale ku Salima. Ndikamafotokoza za boma la feduro, ana amafunsa ngati n'chimodzimodzi ndi "mphamvu ku anthu" imene timamva kukhonsolo. Kodi ndizinena kuti boma limagawira zigawo mphamvu kapena limagawana nazo? Nanga mawu oti chitaganya ndi oyenera?

Yankho: Aphunzitsi, anawo afunsa zenizeni, ndipo yankho lili m'aneni awiri amene mwatchulawo. Pitani ku Senga Bay m'mamawa mabwato akamakocheza. Mwini chilimira amagawira anyamata ake usipa, ndipo mawa atha kuchepetsa gawolo chifukwa khoka ndi lake. Koma anthu awiri amene anasonkherana pogula khokalo amagawana, palibe angalande mnzake. Kam'phatikiri ka -ir- kamaloza wolandira, pomwe -an- kamasonyeza kuti mbali zonse zili ndi chonena.

Kuno ku Malawi n'kugawira. Malamulo aakulu a dziko a 1994 amatchula maboma aang'ono, koma ntchito za makhonsolo, monga kutolera ndalama za ziphaso m'misika, zinalongosoledwa m'lamulo la 1998 limene Nyumba ya Malamulo ingalisinthe. Musaiwale kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, Salima yemwe, chifukwa zisankho zawo zinkangoimitsidwa. Wogawiridwa amadikira.

M'boma la feduro, nenani kuti amagawana. Malamulo aakulu eni akewo ndiwo amalemba za boma lalikulu ndi za zigawo, ndipo mbali imodzi singasinthe malirewo payokha. Ku United States, kumene kuli zigawo 50, asilikali, kupanga ndalama ndi mapangano ndi mayiko ena zili m'manja mwa boma la ku Washington, pomwe sukulu, malamulo a ukwati ndi ziphaso zoyendetsera galimoto zimayendetsedwa ndi chigawo chilichonse. Mu 1791 anawonjezera m'malamulo aakulu a dzikolo ndime yonena kuti mphamvu imene sinaperekedwe ku boma lalikulu imatsala ndi zigawo kapena anthu. Akakanganirana malire, khothi ndilo limagamula. Nigeria nayo ili ndi zigawo 36 zokhala ndi abwanamkubwa osankhidwa ndi anthu.

Chonde musasakanize izi ndi kulekanitsa mphamvu za nthambi zitatu za boma, kutanthauza Pulezidenti ndi nduna zake, Nyumba ya Malamulo ndi makhothi. Zimenezo tili nazo ngakhale dziko lathu si la feduro, n'chifukwa chake pa 3 February 2020 khothi linatha kufafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019.

Za chitaganya, ine sindingakulimbikitseni. Mawuwa ndi Chichewa chabwino, koma akuluakulu akawamva amakumbuka mgwirizano wa Rhodesia ndi Nyasaland umene atsamunda anatikakamiza mu 1953, likulu lake lili ku Salisbury (Harare wa lero). Anthu anaphedwa ku Nkhata Bay pa 3 March 1959 pa nthawi youkana, ndipo unathetsedwa pa 31 December 1963. Mukauza mwana kuti Germany ndi chitaganya, agogo ake kunyumba adzamva ngati kumeneko kuli goli. Sungani mawuwa pa phunziro la mbiri ya dziko lathu. Pa phunziro la kayendetsedwe ka boma nenani feduro, kenako mufotokoze kuti ndi boma logawana mphamvu ndi zigawo.