Tikhoza kukawedza mpasa mu Bua?

Ankolo, ine ndimakhala ku Luwinga kuno ku Mzuzu, ndiye ine ndi anzanga akuntchito tapangana kuti wikendi ina titsike M5 mpaka ku Nkhotakota tikawedze mpasa mu mtsinje wa Bua, tamva kuti mkati mwa rizevu ya nyama zakutchire ya kumeneko ndi momwe muli nsomba zenizeni. Ife si asodzi ayi, tilibe ukonde, ndi mbedza basi ndi kakula boksi ka zakumwa. Nanga mbedza imodzi angatimangire?
Wowerenga, Luwinga

Mphwanga, angakumangeni ndithu. Malamulo a malo otetezedwa sayang'ana kuti mwanyamula ukonde kapena mbedza, bola mwalowa popanda chilolezo n'kutulutsamo chamoyo, ma renja akakupezani mlandu wake ndi wa upocha basi, ndipo zoti ndife a ku ofesi tangobwera kudzapitidwa mphepo sakazimva.

Nkhotakota Wildlife Reserve ija si tchire lopanda mwini ngati kale. Kuyambira 2015 akuyendetsa ndi a African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, anaika mpanda, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ndiye taganizani mwakhala pamwala maso ali pa chingwe, nyongolotsi zili m'kachitini pambali, kumbuyoku njovu ikutsika kudzamwa madzi, mumtsinjemo ng'ona ikukuwerengani. Wedzani nokha pamenepo tione.

Mpasawo chifukwa chomwe amauteteza chilipo. Ndi nsomba ya m'nyanja koma kuswana imakwera mitsinje n'kukaikira mazira pa timiyala m'madzi oyera othamanga, ndiye mitsinje yambiri inadzadza matope chifukwa anthu anadula mitengo n'kumalima mpaka m'mphepete, kwinaku ena akutchinga pathiriro ndi maukonde nsomba isanakwere n'komwe. Bua mbali yomwe ili mu rizevu ndi umodzi mwa mitsinje yochepa yomwe mpasa ukadaswanabe bwino. Ngati mtima wakakamira komweko, kaloweni pa geti, lipirani, funsani za chilolezo chowedza ndi miyezi yomwe amalola, muyende ndi gaidi, ndipo akanena kuti nsomba ibwerere m'madzi musayambe kukangana nawo.

Koma kunena zoona, anthu ofuna kungocheza ngati inu mukuvutikiranji ulendo wonsewo? Nkhata Bay ili pamphuno pompa, makilomita 50 osakwana, mukanyamuka m'mamawa mufika dzuwa lisanatenthe. Kambiranani ndi msodzi wa pompo akutengeni pa boti lokhala ndi ma laifujaketi, nyambo gulani usipa pa doko, mwina ncheni ingakodwe, kampango ndiye amafuna kozama komanso usiku, musamulote. Miyezi ya Juni ndi Julayi mwera umawinduka mosachenjeza, msodzi akati lero sitilowa, mverani. Zakumwa zanuzo mutsegule mutatsika.

Ankolo, mwana wanga anasamba m'nyanja ku Chintheche pa holide, pano akuti akumva kuwawa pokodza. N'chiyani?
Mayi, Katoto

Mayi, pitani naye kuchipatala mawa lomweli akayeze mkodzo, chikhoza kukhala likodzo, limachokera ku nkhono za m'madzi odikha a m'mabango. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma mlingo amapereka potengera sikelo ya mwana, musagule nokha pa golosale.